Buluku Loyesera Masipika

"Loweruka likudzali mudzaona nokha. Ndikadzangokhudza nsambo yaikulu ija, wotchi ya pakhoma la holo idzatsika yokha."

Mawu amenewa ndinawamva ndili pampando wa wometa, nsalu ili m'khosi, mutu nditaweramitsa ngati munthu wopepesa. Sindinavutike n'kutembenuka. Anali alamu anga, amuna a achemwali anga, amene amaimba gitala ya besi m'bandi yathu. Dzina loti a Chivomezi anadzipatsa okha, ndipo amalisamala kuposa nsapato zawo. Mutu wawo unasiya kalekale kupatsa wometa ntchito. Chimene amatsatira pabenchi ya odikira ija ndi makutu a anthu.

"Mudzaigwetsa ndi chiyani, a Chivomezi?" anafunsa bambo wina amene ankadikira.

"Ndi ampulifaya imene ndikukagula mawa, ndi bokosi lake la masipika. Osati tizidole timene mumationa m'maphwando."

Ine ndinangoyankhulira m'nsalu muja, chapansipansi, kuti, "Wotchiyo ikadzagwa, bokosilo ndidzalisenza ndekha."

Ndinaiwala kuti palibe khutu limene limakhala pafupi ndi pakamwa pa munthu kuposa la wometa. Anazimitsa makina ake, mutu wanga utametedwa mbali imodzi.

"Mwamva nonse? A Ng'oma akuti wotchi ikagwa adzasenza bokosi okha. Kuchokera kuholo pamwamba paja mpaka pamsewu. Ukwati ndi wa mwana wanga, ndiye mboni ndine."

Alamu anandiyang'ana mwachisoni, ngati mmene dokotala amayang'anira munthu amene sakudziwa kuti akudwala. "Alamu, yambani kudya mokwanira," anatero.

A Ng'oma ndine. Ndakhala ndikuimba ng'oma pambali pa alamu kuyambira iwo akadali ndi tsitsi, choncho chivomezi chawocho ndinkachidziwa bwino. Chinkatuluka m'kabokosi kamene mwana wa sukulu angathe kukanyamula ndi dzanja limodzi. Akakhudza nsambo yaikulu, kankalira ngati njuchi yotsekeredwa m'chitini. Mwezi wathawo, pa phwando la munthu wina wopuma pantchito, kanatulutsa utsi pang'ono, mwaulemu, n'kukhala chete mpaka lero.

Tsiku limenelo a Tcheya, amene ndi mtsogoleri wa bandi komanso woimba wathu wapakamwa, anayankhula tikupakira zida m'galimoto.

"A Chivomezi, ndife anthu akuluakulu, tisazembane. Anthu akudandaula kuti nyimbo zathu zilibe pansi. Pa ukwati wa mwana wa wometa besi ikapanda kumveka, a Kiyibodi azidzaiimba ndi dzanja lamanzere. Makina awo amatha."

Kuyambira pamenepo a Kiyibodi, oliza kiyibodi m'bandi yathu, anayamba chizolowezi chowongola zala zamanzere pamaso pa alamu, chimodzichimodzi, uku akuyang'ana kudenga.

Kwa wometa alamu sanaitchule nkhani imeneyi. Koma achemwali anandiuza kuti kunyumba anasiya kudya bwino, ndipo ankakhala pakhonde gitala ili pamiyendo, akuimba popanda magetsi, nyimbo imene ankaimva okha. Sabata yonse amagwira ntchito mu ofesi yodinda mapepala. Kumeneko palibe amawatcha Chivomezi. Amangoti, "Bambo a pawindo lachitatu."

M'mawa wa tsiku lokagula zida, achemwali anandipatsa envelopu, amuna awo akuona.

"Achimwene, izi zinali za sofa. Musunge ndinu. Asawonjezere ngongole pamwamba pake, ndipo chimene mugulecho chilowe pakhomo ili popanda kuchotsa chitseko."

"Mayi a ana, munthu waluso samuikira malire."

"Chitseko ndi chimene chaika malire, osati ine."

Alamu anatuluka kuchipinda atavala buluku loyesera. Ndiyenera kufotokoza. Ndi buluku lakuda, lopyapyala, lotambalala kumiyendo, limene mwina linali lamakono nthawi imene ankafunsira achemwali. Iwo amati mawati, manambala a mphamvu olembedwa papepala, akhoza kunama, wogulitsa akhoza kunama, ngakhale khutu likhoza kunama, koma buluku silinama. Umaimirira utafulatira bokosi, n'kukhudza nsambo yaikulu. Buluku likakupiza, makinawo ndi amphamvu. Likangoti zii, pita kwina. Akuti oimba besi enieni onse amatero. Sindinakumanepo ndi wina woti ndimufunse.

Tinayambira kusitolo yaikulu yamagalasi, kumene wogulitsa wovala tayi anatiyang'ana kaye nsapato asanatipatse moni. Alamu sanayang'ane kumanja kapena kumanzere. Analunjika pa bokosi lina lalitali ngati firiji ya m'butchala, la masipika asanu ndi atatu.

"Lumikizani ili, mwana wanga."

Anafulatira, anatambalalitsa miyendo, n'kukhudza nsambo. Buluku linakupiza ngati mbendera. Mano anga anagundana. Alamu anatseka maso, ndipo ndikhulupirira kuti panthawi imeneyo ankaona a Kiyibodi akupepesa atagwada.

Ine ndinatembenuza kapepala ka mtengo, kenaka ndinasuzumira mu envelopu.

"Alamu, tikhoza kugula mateyala ake. Mwina ndi nsalu yovindikira."

"Silingalowenso pakhomo paja," anatero iwo patapita kanthawi, ngati kuti chitseko ndicho chinawalepheretsa.

Wa tayi uja atamva fungo la envelopu yathu anatitengera kungodya. Kunali makina ena onyezimira, a timagetsi tofiira ndi tobiriwira tothamangitsana, ndipo kutsogolo kwake kunali nambala ya mawati yaikulu ngati ya basi. Mtengo wake unali wotisekerera. Apa ndiwapatse ulemu wawo alamu. Anawatembenuza makinawo, anavala magalasi, n'kuwerenga kachitsulo kakumbuyo.

"Nambala yakutsogoloyi ndi ya iwe wogulitsa. Yanga ndi yakumbuyo kuno, ndipo ndi kamwana. Komanso awa ndi a gitala wamba. Besi imadya mphamvu, mwana wanga. Sipika iyi ndikhoza kuing'amba nyimbo yoyamba isanathe."

Anatuluka mutu uli m'mwamba. Kukana chinthu chotchipa kunawabwezera zonse zimene anataya polephera chodula.

Tinatsikira kumsewu wakumbuyo, kumene kuli okonza mawailesi ndi owotcherera zitsulo. Kumeneko kuli mayi wina wogulitsa zida zoimbira zogwiritsidwapo kale ntchito. Sitolo yake ndi yopapatiza moti makasitomala awiri akakumana, mmodzi amayenera kubwerera chambuyo. Anali akuluka chipewa, ndipo sanasiye.

"Mukufuna za besi," anatero, ataona buluku.

Anatilozera ndi chibwano ampulifaya ina yapashelefu. Inali yokalikakalika, ngodya zake zitaphwanyika, ndipo chopotokolera chake chokwezera mawu chinatayika kalekale. Mwini wake wakale anaikapo cha chitofu chamagetsi, cholembedwa manambala ophikira. Koma kachitsulo kakumbuyo kanati mawati mazana asanu, ndipo alamu anakawerenga kawiri.

Mabokosi analipo awiri. Lina linali la sipika imodzi yaikulu ngati beseni losambira. Linalo linali lalifupi, lojintcha, la masipika anayi ocheperapo. Alamu anagwada kumbuyo kwa onse awiri, kenaka anandiphunzitsa za maomu, muyeso wina wa zamagetsi, ngakhale sindinapemphe.

"Alamu, mvetserani, mudzauze ana anu. Ampulifaya ndi bokosi zili ngati banja. Iyi imapereka mphamvu zake zonse ikakumana ndi bokosi la maomu anayi. Mukaipatsa la asanu ndi atatu ngati la beseni ili, imagwira ntchito monyinyirika. Mukaipatsa lochepera anayi, imatentha mtima n'kupsa. Lojintchali ndi la anayi."

"Ndiye ndi banja labwino?"

"Mwina. Tione khalidwe."

Anakankha sipika iliyonse pang'onopang'ono ndi zala, khutu lili pafupi, kumvetsera ngati ikukhula m'kati. Ananunkhiza kumbuyo kwa ampulifaya. Analiza nsambo yaikulu n'kuisiya ilire mpaka itatha yokha, kuti amve ngati pali chogwedera. Kenaka anandikhazika pa ng'oma zina zafumbi zimene zinali pakhomo.

"Menyani ngati mmene mumachitira mukakwiya. Besi yomveka yokha si besi. Imveke pamwamba pa phokoso lanu."

Ndinamenya. Owotcherera zitsulo anasiya ntchito n'kubwera kudzaona. Besi ndinkaimva bwinobwino, yonenepa, yosang'ambika. Ndinaganiza kuti tamaliza. Koma panatsala woweruza wamkulu. Alamu anafulatira bokosi, anatambalalitsa miyendo, n'kukhudza nsambo.

Buluku linagwedezeka pang'ono, ngati munthu amene wafunsidwa funso lovuta ndipo akufuna akaganize kaye.

Nkhope ya alamu inagwa. "Mayi, mulibe lina?"

"Lilipo," anatero mayiyo akuwerenga maso a ulusi. "Kusitolo yamagalasi. Lalitali ngati firiji."

Envelopu ndiyo inagamula mlandu. Alamu ananenerera mtengo mpaka thukuta, ndipo mayiyo sanatsitse kanthu, koma anatiponyera chingwe cha gitala chaulere. Chinali chachitali mopanda nzeru, chotha kuyanikapo zovala za banja lonse, ndipo anati palibe amene ankachifuna. Bokosi tinalinyamula awiri. Linali lalifupi koma lolemera ngati mlandu. Ndinakumbukira kuti holo ija ili pamwamba pa masitolo, ndipo masitepe ake amakhota kawiri. Kenaka ndinakumbukira buluku lija, mtima wanga n'kukhala pansi.

Pakhomo la achemwali linalowa popanda kukhudza chitseko. Iwo analizungulira, n'kukhalapo.

"Si sofa, koma munthu akhoza kukhala," anatero.

Lachisanu masana tinapita kuholo kukayeserera. Achemwali ndi amayi anzawo ndi amene anapatsidwa ntchito yokonza malo, ndiye anali kumbuyo kwenikweni, akuyala nsalu ndi kusanja mbale ndi matambula pamatebulo. Wotchi inali pamalo pake, pakhoma lakumbuyo, m'mwamba pambali pa chitseko. Inaima zaka zambiri zapitazo, ndipo palibe amene anaikhudzapo.

Alamu anaika bokosi pansi pangodya ya nsanja n'kuimirira patsogolo pake penipeni, akatumba a miyendo atatsala pang'ono kuligunda. Umo ndi mmene ankaimirira ndi kabokosi kakale kaja zaka zonse. A Tcheya anawerenga, tinalowa nyimbo.

Sitinafike pakati, alamu anawerama n'kukweza mawu. Patapita kanthawi anakwezanso. A Tcheya anakweza dzanja, tonse n'kuima.

"A Chivomezi, mwalumikiza?"

"Ndalumikiza."

"Nanga besi ili kuti? Ine ndikungomva ngati lole ikudutsa kutali."

A Kiyibodi anawongola chala chimodzi chamanzere. Chinalira.

Tinayambanso. Alamu anapotokola cha chitofu chija mpaka pa nambala yowiritsira nyemba. Ankayang'ana buluku lawo, ankayang'ana bokosi, ankapendeketsa mutu. Ine ndinkamva kunjenjemera pampando, koma nyimbo yeniyeni ya besi sinkaimva, chifukwa ng'oma zanga zinali m'makutu mwanga. A Tcheya anali kale ndi nkhope ya munthu amene akukonza mawu achipepeso. Ndinawayang'ana alamu. Panalibe Chivomezi pamenepo. Panali bambo wa pawindo lachitatu, amene watenga ndalama za sofa ya mkazi wake n'kugula bokosi losalankhula.

"Mayi uja wandidyera ndalama," anatero chapansipansi nyimbo itaima. "Buluku linandichenjeza."

"A Chivomezi," anayamba a Tcheya, "ndife anthu akuluakulu..."

Sanamalize. Achemwali ankabwera pakati pa mipando, mofulumira, chogwirira cha kapu chili m'manja, kapu yake palibe.

"Ndani akuyendetsa mbale zanga?"

Tonse tinayang'anana.

"Ndikufunsa! Mbale zikuyenda zokha patebulo. Matambula akumenyana. Amayi ena athawira panja akuti nyumba ikugwa. Bambo a ana, mukufuna ukwati wa mwana wa eni uchitikire pamsewu?"

"Mayi a ana, besi sikumveka."

"Sikumveka kuti?"

"Kuno."

"Nanga alendo adzakhala kuno?"

 Achemwali anaona chingwe chachitali chija chitakulungidwa pamwamba pa bokosi, anachitola n'kuwapatsa amuna awo.

"Lumikizani ichi. Tsikani. Achimwene, menyani ng'oma zanuzo."

Ndinamenya. Alamu anatsika pansanja akuimba, akuyenda chambuyo ngati munthu wotsazika kwa mfumu, chingwe chikutambasuka. Pamzere woyamba wa mipando anakwinya nkhope. Pakati pa holo anaima. Anapitirira mpaka kumatebulo, ndipo kumeneko ndinaona pakamwa pawo patseguka. Buluku silinkakupiza n'komwe. Koma anachotsa dzanja pa gitala n'kuligwiritsa pachifuwa, ngati akufuna atsimikize kuti mtima ndi wawo womwe uja.

A Tcheya anawatsatira, maikolofoni ili m'manja. Atafika kumeneko anayang'ana kunsanja, anayang'ana alamu, n'kukhala pampando wa alendo.

Zoona zake n'zakuti pa zaka zonse zimene takhala tikuimba, panalibe mmodzi wa ife amene anaimvapo bandi yathu ali kumene kumakhala anthu. Tikanaimva bwanji, poti bandiyo ndife? Bokosi likakhala pansi, mawu ake amadutsa m'mawondo mwa woimba n'kukakulira kutsogolo. Mawondo a alamu akhala akumva besi yabwino ndithu. Vuto ndi loti makutu ali kumtunda.

Anabwerera pang'onopang'ono, akukulunga chingwe.

"Alamu," anandinong'oneza, "nyimbo ijayi, polowa kachiwiri, kodi ndimaimba chonchija?"

"Sindikudziwa. Mwaimba bwanji?"

"Molakwika."

"Kuyambira liti?"

"Ndikuganiza kuyambira pachiyambi. Bwanji simunandiuze?"

"Sitinkakumvani."

Anaganiza pang'ono. "Musauze a Kiyibodi."

Tinabwereka makireti awiri a zakumwa n'kukwezapo bokosi kuti liyang'anane ndi msana wawo m'malo mwa akatumba. Cha chitofu chija tinachibweza pa nambala yofunditsira tiyi. Besi inamveka pansanja, inamveka kumbuyo, ndipo mbale zinakhala pamene zinaikidwa. A Tcheya anatsokomola.

"Monga ndimanenera, ndife anthu akuluakulu. Mawa tonse tivale malaya oyera. A Chivomezi, inu mudzayambe nyimbo yolowera akwati."

A Kiyibodi anaika dzanja lamanzere m'thumba, ndipo linakhala momwemo mpaka tinaweruka.

Ine ndinapita kunyumba wokondwa kawiri. Alamu atsala m'bandi, ndipo pa nambala ya tiyi panalibe wotchi imene ikanagwa.

Loweruka masana holo inadzaza. Alamu anafika atavala buluku lomwe lija, atalisita mpaka kuthwa. Akwati analowa ndi besi yawo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaona anthu akuvina ndi chiuno m'malo mongogwedeza mapewa. Polowa kachiwiri paja anaimba molondola, n'kundiyang'ana kuti ndione. Agogo ena aakazi anabwera kudzavina patsogolo pa bokosi penipeni, ndodo ili m'mwamba.

Nyimbo yomaliza ili kumapeto, a Tcheya analoza alamu kuti atseke okha. Alamu anapita patsogolo, anatambalalitsa miyendo, anadikira kuti holo yonse iwayang'ane, n'kukhudza nsambo yaikulu.

Kumbuyo kwa holo, wotchi inapendekeka. Inakhala ngati ikuganiza. Kenaka inatsika.

Sinasweke. Inagwera pa mulu wa nsalu za patebulo zopindidwa bwino, umene munthu wina anauika pampando, pansi pake penipeni. Sindikunena kanthu. Ndikungotchula kuti m'mawa wa tsiku limenelo, tikulowetsa zida, ndinaona achemwali ali pamakwerero akupukuta fumbi pa wotchi imene palibe anaipukutapo chiimire.

Holo inaphulika. Wometa analanda maikolofoni kwa a Tcheya, duwa lili pachifuwa.

"Abale ndi alongo, musachoke! Pali ngongole ina imene iyenera kubwezedwa mwana wanga asanapite kunyumba kwake. A Ng'oma, ndinakumetani ndine, ndinamva ndine. Bokosi ilo, masitepe awo."

Ndinayang'ana a Tcheya. Ankasuzumira m'maikolofoni imene analibe. Ndinayang'ana a Kiyibodi. Anatulutsa dzanja lamanzere lija n'kuyamba kuliza kanyimbo koperekezera.

Ndinavula jekete. Amuna awiri anandithandiza kuliika pamsana, n'kubwerera msanga kuti asaoneke ngati akunyamula nawo. Anthu anapatuka. Akwati anaima pamwamba pa masitepe, ojambula zithunzi anathamangira pansi. Alamu anatsogola, akuyenda chambuyo, manja ali m'mwamba ngati wolondolera ndege.

"Pang'onopang'ono, alamu. Samalani ngodya. Limenelo si thumba la makala, ndi chida. Pindani mawondo. Ndinakuuzani kuti muzidya."

Pokhota poyamba ndinaona nyenyezi. Pokhota pachiwiri ndinakhululukira adani anga onse. Nditalitsitsa pamsewu anthu anawomba m'manja kuposa mmene anawombera nyimbo iliyonse imene ndaimbapo, ndipo wometa analengeza kuchokera pawindo kuti ngongole yatha.

Ndinakhala pabokosi pomwepo, ndikupuma ngati galu. Achemwali anafika ndi botolo la chakumwa chozizira, ananditsegulira, n'kundisisita paphewa.

"Mwagwira ntchito, achimwene. Alamu anu msana umawavuta, mukudziwa."

Kenaka anandiika kanthu kozizira m'dzanja n'kulifumbatitsa.

"Mukapuma mukwerenso. Msomali uwu ndi wa wotchi ya eni holo."